Bokosi la Maloko Atatu

Pakhomo pa a Lucius ndi a Sabina, kuno kwa Mposa, panali pabwino. Sindikunena za chuma, iyayi. Nyumba inali ya njerwa zootcha, denga la malata makumi awiri ndi anayi omwe anagula limodzilimodzi kwa zaka zisanu ndi chimodzi, mbuzi zinayi m'khola, ndi njinga imodzi yolira ngati ili ndi chifuwa. Ubwino wake unali wakuti pakhomo paja sunkamvapo mkangano. M'mawa ankapemphera, madzulo ankapemphera, ndipo munthu wa mumphakati mwathu, kagulu kathu ka mpingo, akadwala, oyamba kufika ndi phala anali a Sabina.

N'chifukwa chake ife amayi makumi awiri ndi asanu a gulu la banki nkhonde titafuna munthu wosunga bokosi la ndalama, sitinavote n'komwe. Tonse tinangocheukira a Sabina. Analisunga zaka zisanu ndi ziwiri, osasowamo ngakhale tambala.

Kwa inu amene simudziwa, bokosi lathu linali lachitsulo, la maloko atatu. Makiyi ankasunga amayi atatu osiyana, ndipo wosunga bokosi sankakhala ndi kiyi. Ine Luckness ndinkasunga kiyi imodzi, yomangirira pakachingwe m'khosi pamodzi ndi korona. Ndiye nkhaniyi si yongotola pamjigo. Zina ndinaziona ndi maso angawa, zina mwini wake anazinena yekha, akulira, pamaso pa gulu lonse.

Mwini wakeyo ndi Tamandani, mwana wamkazi, mzime wa a Lucius ndi a Sabina. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, folomu 4 anakhoza bwino, ndipo ndisamunamizire, sanali waulesi. Ankagula mpunga kuno kwa Mposa n'kukagulitsa m'mbale pamsewu ku Ulongwe, komwe ankachita lendi kachipinda. Loweruka lililonse ankabwera kwa makolo ndi shuga kapena sopo. Nthenda yake inali imodzi: mtima wothamanga. Chimene wafuna m'mawa, dzuwa lisalowe asanachigwire.

Tsiku lina ali m'sitolo yaikulu ku Balaka, anaona mayi wa msinkhu wake womwewo atadzaza dengu ndi katundu, osatulutsa ndalama. Anangopereka kakhadi, kamakina n'kulira, basi. Atafunsa, anamuuza kuti makhadi ena ndi a ngongole: banki imakulipirira lero, iwe n'kudzabweza pakutha pa mwezi. Kuyambira pamenepo, akati atsegule pakamwa, ndi khadi. Ankati idzamukuzira bizinesi. Ine ndimati ankangofuna anthu amuone akuitulutsa m'chikwama.

Anavala diresi lake la kutchalitchi n'kupita kubanki ina ku Balaka komweko. Anamulandira ndi bambo wina wa imvi zoyamba kumene, a Elliam. Atayang'ana pakompyuta anapukusa mutu.

"Pepani achemwali, sizitheka."

"Ndalakwa chiyani? Ndilibe ngongole ndi munthu ine."

"Vuto lake ndi lomwelo. Simunakongolepo, ndiye palibe akudziwa ngati mumabweza. Akaunti mwatsegula mwezi wathawu, muli K18,000. Sitikuti ndinu oipa. Tikuti sitinakudziweni."

"Ndiye ndichite chiyani kuti mundidziwe?"

"Ndalama za mpunga zizidzera muno, ngakhale kangachepe, sabata iliyonse. Pakapita miyezi isanu ndi umodzi mutenge kangongole kakang'ono, mubweze tsiku lake lisanafike. Kenako kena. Chaka, zaka ziwiri, dzina lanu lidzayamba kukuyankhulirani lokha."

"Zaka ziwiri!"

Anatuluka osatsazika, n'kuwoloka msewu kupita kubanki ina. Kumeneko sanamupatse n'mpando womwe. Yankho linali lomwelo.

Loweruka anafika kwawo nkhope ili gwaa. A Sabina anali kukhitchini akuphika kalongonda, nyemba zija timadya ife Alomwe, zimene umaphika tsiku lonse n'kumataya madzi, apo ayi zikuzunguza mutu, mwinanso kukupha. A Lucius anali pakhonde akumata chubu cha njinga.

"Andikana, amayi. Mabanki awiri. Ati dzina langa silidziwika."

"Nanga akunama? Iwowo anakuona liti? Lowa m'gulu mwathu mu Januwale, uzigula sheya imodzi pa sabata. Kongola pang'ono, bweza, kongolanso. Tonsefe tinayamba choncho."

"Ine ndizikhala pamkeka ndi azimayi kuwerenga timasauzande? Ndinapita kusukulu ine."

A Lucius anaika chubu pansi. "Sukulu yomweyo unaimaliza tsiku limodzi? Taona mphika wa makowo. Chiyambire m'mawa wataya madzi kanayi, sunapsebe. Aufulumize aone, mawa anthu adzatitola tonse pakhomo pano."

"Ababa, nthawi yanu ndi yathu n'zosiyana."

"Nthawi yasintha, eya. Koma munthu amakhulupirirabe amene wamuyesa. Wakutsina khutu ndi mnansi, mwanawe."

Tamandani anangotsonya chamumtima n'kulowa m'nyumba.

Ku Ulongwe, pafupi ndi pamene minibasi zimaima, pali kanyumba ka ejenti wa ndalama za pafoni, dzina lake Mike. Bambo wosalala, wa nsapato zosongoka, wonunkhira mafuta okwera mtengo. Ndikamukumbukira ameneyo mtima wanga umabwadamuka. Tamandani ankakhala ndi mbale zake za mpunga moyang'anana ndi kanyumbako, ndipo masana ena anamudandaulira zonse.

Mike anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Zaka ziwiri? Akukupusitsa, chemwali. Njira imeneyo ndi ya anthu ogona. Banki siyang'ana nkhope, imayang'ana pepala lija amati sitetimenti, loonetsa ndalama zolowa ndi zotuluka. Ikaona ndalama zikuluzikulu zikulowa, zikutuluka, zikulowanso kwa miyezi iwiri, ikuitana yokha."

"Ndalama zoterozo ndizitenga kuti?"

"Sukufuna zako. Ukufuna zongoonetsa. Uzitenge, zizungulire, uzibweze. Palibe wadya kanthu. Kwanu kulibe munthu wosunga ndalama zongogona?"

Tamandani anaseka. "Pokhapokha bokosi la amayi."

Akanadziluma lilime, abale!

Mike anasiya kuseka. Anawerenga miyezi ndi zala. "Uno ndi Okutobala. Magulu onse asiya kukongoza, anthu akungobweza. Bokosi likudzaza, ndipo ligona choncho mpaka tsiku logawana mu Disembala. Ndalama zikugona kunsi kwa bedi, iwe ukupsa ndi dzuwa pamsewu pano?"

"Lili ndi maloko atatu."

"Maloko ali kutsogolo. Kumbuyo kuli mahinjesi, ndipo mahinjesi amagwira ndi kachitsulo kamodzi kolowetsa. Msomali ndi hamala, mphindi ziwiri."

"Kumeneko n'kuba, a Mike."

"Kuba n'kutenga osabweza. Iwe udzabweza zonse, mwinanso n'kuwagulira amayi ako chitenje. Koma ngati ukufuna kukalamba ndi mbale ya mpunga, zili ndi iwe."

Tamandani anabwerera pamalo pake. Anati sabata yonseyo ankadziuza kuti sangachite. Koma mawu oipa ali ngati chisoso, akakumata pachitenje umayenda nawo.

Apa ndiulule kupusa kwathu ifenso. Malamulo a gulu ankati ndalama zonse ziwerengedwe pamsonkhano uliwonse. Koma mu Okutobala dzuwa la kuno limaotcha, minda ikudikira makasu, ndiye tinazolowera chidule. Ndalama za Lachisanu lililonse tinkaziwerenga kamodzi, kuzimanga ndi mphira, kuzikulunga m'jumbo ya shuga, kulemba chiwerengero pamwamba, n'kuika pansi pa bokosi. Msonkhano wotsatira tinkangowerenga mipukutu, osamasula. Tinkati bokosi lili kwa a Sabina, tiopenji? Tamandani ankazidziwa zonsezi chifukwa tinkazikamba iye ali pomwepo.

Lamulungu lotsatira anadzuka atamanga kansalu kumutu.

"Mutu, amayi. Pitani, ine ndipemphera konkuno."

A Sabina anamusiyira madzi ndi mapiritsi n'kunyamuka ndi amuna awo. Belu lachiwiri likulira, mwanayo anali atagwada m'chipinda cha makolo ake, koma osati kupemphera. Anakoka bokosi kunsi kwa bedi n'kulitembenuza. Tchalitchi chathu chili pafupi, moti pamene kwaya inkaimba nyimbo yopempha chifundo, iye ankaimva bwinobwino uku akukhoma msomali pahinjesi. Hamala inamugwa kawiri. Koma kachitsulo kanatuluka mosavuta, monga ananenera Mike.

Anamasula mipukutu itatu, kusolola ndalama za pakati, n'kusiya zenizeni pamwamba ndi pansi. Pakatipo anaikapo mapepala omwe anadula ndi sizasi m'makope ake akale a kusekondale. K300,000 inalowa m'thumba la mpunga. Makolo pobwera anamupeza atagona, atadzifunditsa chitenje. A Sabina anamugwira pachipumi n'kunena kuti, "Thupi latenthadi, mwana wanga."

Ntchito inayambika. Mike ankatumiza ndalamazo ku akaunti ya Tamandani ngati zochokera kwa ogula mpunga. Mawa lake Tamandani ankazitapa n'kumupatsa m'manja, mkucha Mike n'kutumizanso. Koma ulendo uliwonse panali kodula: ka banki, ka foni, ndi kamene Mike ankati ka thukuta lake. Ndalama inkatha ngati sopo pamwala wochapira. Pofika sabata yachitatu Mike anakwinya mphuno.

"Zachepa izi, sizingaopse munthu. Onjezera."

Mutu unamupwetekanso Lamulungu lina, K300,000 ina n'kutuluka.

Lachisanu lake tinali pamsonkhano, tikuwerenga mipukutu. Ndinaona kuti mphira wa mpukutu wina wazungulira kawiri, pamene ine ndimamanga katatu. Ndinaugwira, ndinaufinya. Unali wouma kuposa anzake, ngati kabuku. Ndinakweza maso, ndinaona a Sabina akuseweretsa khanda la mnzathu pamiyendo, ndipo ndinachita manyazi ndi maganizo anga. Ndinaubwezera m'bokosi osanena kanthu. Manyazi amenewo anatidyera K600,000 ina, chifukwa Lamulungu lotsatira mwana uja anatsegulanso, ndipo ulendo uno hamala sinamugwe n'komwe.

Zonse pamodzi zinakwana K1,200,000, pafupifupi theka la thukuta lathu la chaka chonse. Ndipo poti munthu wopempha khadi ayenera kuoneka ngati munthu, anatapako pang'ono n'kugula foni yaikulu, wigi ndi nsapato zazitali. Nazonso ankati adzabweza.

Ndinakumana naye pamjigo Loweruka lina.

"Tama, mpunga wa chaka chino ukubala mafoni?"

"Mulungu akudalitsa, anti Luckness."

Dzina la Mulungu, pakamwa pomwepo! Ndinangoti zikomo, koma tsiku lonselo kiyi ya m'khosi mwanga inandilemera, osadziwa chifukwa chake.

A Lucius nawo sanali ogona. Madzulo omwewo dzuwa lisanalowe anamuitanira pansi pa mtengo wa mango.

"Mwanawe, mutu wakowu umadziwa kalendala? Umangopweteka Lamulungu lokhalokha."

"Ndi kutopa, ababa."

"Hamala yanga ndimaisiya pazenera, ndikumaipeza pansi pa tebulo. Kuseri kwa nkhokwe ndatolako tizidutswa ta mapepala odula ndi sizasi. Sindikudziwa chimene ukuchita, ndipo ndikuopa kuchidziwa. Ngati pali choti utiuze, utiuze mvula isanagwe. Chilonda chobisa chimanunkha."

Tamandani analumpha ngati waponda moto. "Mukundiyesa wakuba m'nyumba ya makolo anga?"

A Lucius anali asanatchule za kuba. Anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kulowa m'nyumba kukasuzumira kunsi kwa bedi. Maloko onse atatu anali m'malo mwake. Anatuluka akudziimba mlandu poganizira mwana zoipa, mpaka anamupepesa.

Lolemba la sabata yogawana, mu Disembala, Tamandani anavala wigi ndi nsapato zija n'kubwerera kwa a Elliam. Bamboyo anayang'ana pakompyuta nthawi yaitali, kenako anavula magalasi.

"Achemwali, mpunga wanu umagulidwa ndi munthu mmodzi yekha? Ndalama zonsezi zikuchokera nambala imodzi. Zikulowa lero, mawa zatuluka zonse. Iyi si bizinesi. Uku n'kupalasa njinga yoimika pasitandi."

"Koma ndalama mwaziona."

"Ndaziona, ndipo zandiopsa. Khadi sitingakupatseni. Ndikufunseni ngati mlongo wanga: ndalamazi ndi za yani? Ngati si zanu, kazibwezeni lero lomwe."

Anatsika masitepe a banki n'kukakwera minibasi. M'minibasi yonse ankadzitonthoza kuti palibe chaonongeka: atenga zotsala kwa Mike, agulitsa foni, awonjezera, abwezeramo. Zotsalazo zinali K900,000, ndipo sabata imeneyo zinali m'manja mwa Mike.

"A Mike, zakanika. Ndipatseni ndalama zija ndikabweze. Kugawana ndi Lachisanu."

Mike sanadzutse mutu pafoni yake. "Ndalama ziti?"

"Musasewere, a Mike. Ndakupatsani dzana, pawindo lomweli."

"Uli ndi pepala? Mboni? M'buku langa muli zoti ndinakutumizira, iwe n'kutapa. Zoti unandipatsa m'manja sizikuoneka paliponse."

"Ndikakusumirani kupolisi!"

Apo m'pamene anamuyang'ana, akumwetulira. "Pita, si patali. Koma funso loyamba akakufunsa kuti mwana wogulitsa mpunga wa m'mbale unazitenga kuti ndalama zimenezo. Ukayankhe bwino. Tasuntha, ukutchinga makasitomala."

Sanathawe munthu uja. Sanatseke n'kanyumba komwe. Anaitanitsa chipisi n'kumadya, Tamandani ali chiimire tsidya la msewu.

Anagulitsa foni, wigi ndi nsapato pamtengo wotaya, n'kupeza K110,000. Zikanathandiza chiyani? Lachinayi masana anafika kwa Mposa. Mvula inali itachedwa chaka chimenecho. Kunja kunali chifundizi, mphepo itaima, mitambo yakuda itaunjikana pamwamba pa phiri la Chikala. Nkhuku zinali phee pansi pa nkhokwe, kukamwa kuli yasa.

A Sabina anali osangalala ngati mtsikana. Anali atakoka bokosi, akulipukuta fumbi ndi kansanza.

"Tandigwirira uku, Tama. Ukumva kulemera kwake? Chaka chino amayi alimbikira. Mawa aliyense agula feteleza wake."

Tamandani anagwira.

"Ndakambirana ndi abambo ako. Pa gawo langa tikupatsako K50,000 ukaike kubanki kuja. Uyambire pamenepo. Usadandaule zoti anakukana, mwana wanga. Iwo sakukudziwa, koma ine ndimakudziwa."

Mwanayo anadzatiuza kuti anatsegula pakamwa kuti aulule. Akanangoti amayi ndachimwa, bwenzi a Lucius atagulitsa mbuzi madzulo omwewo, bwenzi atazungulira abale, bwenzi tonse titamva nkhaniyo pakamwa pa eni ake, osati m'bokosi. Koma kutali kunagunda bingu, a Sabina n'kuthamangira kukaanula zovala, ndipo iye anameza mawu aja.

Lachisanu tinasonkhana pabwalo la tchalitchi, tonse m'zitenje zofanana. Kuseri miphika ya mpunga ndi nyama inali pamoto, ndipo Tamandani anali komweko akusonkhezera. Wogulitsa feteleza anali ataimika kale galimoto yake pamsewu, akutidikira. Tinaimba, tinapemphera. A Sabina anatula bokosi pamkeka. Ife atatu a makiyi tinagwada, ndipo maloko onse anatseguka bwinobwino.

Mpukutu woyamba unali wathunthu. Wachiwiri chimodzimodzi, amayi n'kuimba nthungululu. Wachitatu ndinamasula ndine. Nditachotsa mphira, mapepala oyera anamwazika pamiyendo panga.

Wina anaseka, poyesa kuti ndi nthabwala. Tinamasula mpukutu wina: mapepala. Wina: mapepala. Mayi wina wamasiye, amene anaika m'bokosimo fizi ya mwana wake, anagwa chagada n'kuyamba kulira ngati pamaliro.

"A Sabina, tiuzeni! N'chiyani ichi?"

A Sabina anatola kapepala kamodzi. Ndinali pambali pawo, ndinaona zonse. Panali zolemba za inki yabuluu, zilembo zopendekera kumanzere. Mayi salephera kuzindikira zolemba za mwana amene anamugwira dzanja pophunzira kulemba. Anayang'ana kapepalako, anayang'ana kumiphika kuja, n'kukafumbata m'dzanja.

"Ndatenga ndine," anatero.

"Mwatani?"

"Ndatenga ndine. Ndinali ndi mavuto. Musafunse wina aliyense."

Limenelo linali bodza loyamba limene ndinamvapo pakamwa pa a Sabina, ndipo analinena pakhomo pa tchalitchi. Ndinafuna kukuwa, koma a Sabina anandigwira pabondo mpaka zikhadabo kulowa. Ndinakhala chete, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Koma ndiye kunali phokoso! Amayi omwe a Sabina anawasambitsa akudwala ndi amene anali patsogolo kutukwana.

"Mfiti yobisala m'korona!"

"Zaka zonsezi mumatidyera, eti?"

Lamulo la gulu tinalemba tokha, a Sabina ali pomwepo: wosowetsa ndalama, katundu wake alandidwe. Chinamtindi chonse chinalunjika kunyumba kwawo. A Goliati, amuna a wapampando wathu, anabwera ndi makwerero ndi chozulira misomali. Ena anamasula mbuzi, ena anakankha njinga. A Lucius anafika kuchokera kumunda khasu lili paphewa. Atamva nkhaniyo anayang'ana akazi awo, kenako anayang'ana mwana wawo, amene anali kumbuyo kwa gulu chipande chili m'manja. Bambo wamkulu uja anagwada m'fumbi.

"Chonde, tengani zonse, koma malata okha asiyeni. Taonani kumwambaku."

"Ifenso tikuona kumwamba komweko, madala," anatero a Goliati. "Tibzala ndi chiyani?"

Msomali woyamba unalira pozulidwa. Ine maso anga anali pa Tamandani. Lata loyamba linatsika, iye ali chete. Lata lachiwiri, ali chete. Lata lachisanu, bedi la makolo ake likuyang'anana ndi mitambo, iye ali chete. Ndinalakalaka nditamuwaza mbama.

Kenako amayi awiri anamasula mpango n'kumanga manja a Sabina kuti apite nawo kupolisi. A Sabina anapereka manjawo okha. Podutsa pafupi ndi mwana wawo sanamuyang'ane n'komwe, kuopa kuti anthu angazindikire.

Pamenepo chipande chinagwa.

"Amasuleni amayi anga! Ndine! Ndinatsegula kumahinjesi, mapepalawo ndi a m'makope anga. Amayi sakudziwa kanthu!"

"Khala chete, Tama," anatero a Sabina. "Mutu ukukupweteka."

Koma mwanayo anali atagwada kale, atagwira miyendo ya amake, akuulula zonse: za khadi, za Mike, za Lamulungu atatu aja. Ali mkati mofotokoza, madontho akuluakulu anayamba kugwa. Palibe anathawa. Tinaimirira pomwepo tikumvetsera, mvula ikulowa m'chipinda cha a Lucius ndi a Sabina.

Kulapa kwake kunali koona, koma kunabwera malata atatsika kale, ndipo sanakwerenso. Malata, mbuzi, njinga, ndi kandalama ka foni kaja, zonse pamodzi sizinafike n'theka lomwe. Apolisi anamuitana Mike, iye n'kuonetsa buku lake, madzulo ake anali atabwerera pawindo. Mpaka lero ali pompaja, wanenepa. Tamandani analamulidwa chaka ndi theka kundende. Wogulitsa feteleza anabwerera ndi matumba ake ambiri, minda yathu inafiira, ndipo mwana wa mayi wamasiye uja anakhala pakhomo chaka chonse. Gulu lathu linafera pomwepo.

Pano Tamandani anatuluka. Anapepesa pamaso pa mpingo, amagwira ganyu m'minda ya mpunga, ndipo Lachisanu lililonse amabwera kwa ine ndi K2,000 kapena K3,000, ine n'kulemba m'kope. Sanaphonyepo. Tikawerengera, atha zaka zisanu ndi chimodzi akubweza. Ine ndinamukhululukira, ngakhale masiku ena ndikamuona mtima umandinyamukabe.

Koma a Sabina! Khoti linati alibe mlandu, koma mudzi si khoti. Anthu amati mwana sangatsegule bokosi katatu m'chipinda cha amake iwo osadziwa. Amati anavomera okha, tonse tinamva. M'tchalitchi amakhala benchi lakumbuyo, ndipo dengu la chopereka likafika pa iwo, wolinyamula salisiya m'manja.

Inu achinyamata amene mukuwerenga izi, ndikuuzani mosapsatira. Akakukanani ngongole sanakutukwaneni, angonena kuti sanakudziweni. Dzina lokhulupirika limamangidwa ndi kangachepe kobwezedwa pa nthawi yake, kenako kena, ndipo chidule palibe. Kutenga cha mwini osapempha ndi kuba, ngakhale mulumbire kuti mubweza mawa. Wokuuzani zina ndi Satana wavala nsapato. Ndipo musaganize kuti tchimo lidzadya inu nokha. Limayamba ndi amene amakukondani.

Sabata yathayi ndinali pagolosale ya Hassani, mwana amene a Sabina anamulandira ndi manja awo tsiku lobadwa, amake atachirira panjira yopita kuchipatala. A Sabina analowa, atakalamba zaka khumi m'zaka ziwiri, n'kupempha paketi ya mchere. Atamasula mfundo ya chitenje, ndalama inaperewera K200.

"Ndibweretsa mawa, mwana wanga."

Hassani anayang'ana kumbali, anatenga mchere uja n'kuubwezera pashelefu.

Ndinatulutsa K200 yanga, koma a Sabina anapukusa mutu. Anamanganso ndalama zawo pamfundo, anatiuza kuti titsale bwino, n'kutuluka. Tamandani anali ataima pakhomo, mtolo wa nkhuni uli pamutu, ndipo anaona zonse.